Kufinya kabureta sikupulumutsa ndalama

Lolemba m'mawa tinaima nthawi yaitali pa Lumumba Road, pafupi ndi Soweto, kumbuyo kwa kavaneti kodzala mabokosi a matimati. Kanali katazima pakati pa mseu. Draiva wathu analiza hutala mpaka dzanja kutopa, ndipo kondakitala anatulutsa mutu pawindo nakuwa: "Ba mudala, kagulitseni ku ma scrap ako!" Basi yonse inaseka. Kavaneti katalira, kanatisambitsa utsi wakuda, amai amene ndinakhala nao pampando naphimba mwana wao ndi citenge. Ine sindinaseke, cifukwa kavaneti konga ako ndiko kamadyetsa ana a mlongo wanga.

Alamu anga ali ndi Nissan 1400, vaneti yaing'ono ija imene anali kupanga ku South Africa mpaka caka ca 2008. Tsiku ndi tsiku amanyamula katundu wa amai a m'misika kucoka ku Soweto kupita ku Kalingalinga ndi Mtendere. Ataona kuti petulo ikutha msanga, anadandaula kwa anzao pa renki, ndipo nzeru sizinacedwe kubwera. "Finyako cabe ka screw ka pa kabureta, izayamba kumwa pang'ono." Anafinya. Motoka inayamba kunjenjemera ndi kuzima pa ma roboti. Wina anati: "Ni timing iyo, zungulusako distributor." Anazungulitsa momvera ndi khutu mpaka injini inamveka yamphamvu ili ciimire.

Patapita milungu yocepa, akaponda mafuta ali ndi katundu, injini inali kulira ngati miyala m'citini, madzi nkumawira. Tsiku lina inafera pa Alick Nkhata Road, matimati a eni ake nkupsa padzuwa. Gasketi ya hedi inali itapita. Vaneti inagona pabwalo milungu iwiri, ndipo amai awiri amene anali makasitomala ao a tsiku ndi tsiku anapeza wina wowanyamulira. Mpaka lero sanabwerere.

Ndinawaperekeza kwa makanika wina wacikulire ku Chawama, amene garaji yake ndi mthunzi wa mtengo wa mango. Atamva nkhani yonse anapukusa mutu. "Mwana wanga, ici cinthu ni moto poyamba, mafuta pambuyo. Imwe munayambila kumcila." Zimene anatiphunzitsa tsiku limenelo ndi zimene ndifuna kuti aliyense amene ali ndi m'bale wa vaneti yakale akamuuze.

Coyamba, ka screw kaja kamene aliyense amathamangira kufinya kamalamulira mafuta pamene injini ikulira motoka ili ciimire. Mukayamba kuyenda, petulo imadutsa pa kabowo kena m'kati mwa kabureta, kamene amakanika amati main jet. Conco alamu anga sanapulumutse kanthu pamseu. Anangopha mtendere wa injini pa ma roboti.

Caciwiri, injini ya petulo imafuna mpweya wambiri kuposa mafuta: pa kulemera, magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Mpweya ukacepa, petulo siipsa yonse, imatuluka ngati utsi wakuda. Mdala uja atatsegula air cleaner, anapeza sefa yodzala fumbi la Lusaka ngati thumba la simenti. Motoka inali kubanika, ndiye cifukwa cake inali kumwa kwambiri. Anatikumbutsanso kuti Lusaka ili pamtunda wopitirira mamita 1,200 kucokera pa nyanja yamcere, kumene mpweya ndi wopepuka. Kabureta imene inachunidwa kumadoko, ikafika kuno imapatsa injini petulo yopitirira muyezo.

Cacitatu ndi timing. Pulagi iyenera kuthetheka moto pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba, madigiri ocepa cabe, amene analembedwa m'buku la motoka ndipo ali ndi cizindikiro pa pulley ya kutsogolo. Moto ukacedwa, injini imafooka, imatentha ndi kudya mafuta. Ukafulumira kwambiri, petulo imaphulika pisitoni ikali kukwera, ndipo ndiko kulira kwa miyala m'citini kuja. Coipa cake ncakuti injini yofulumizidwa moto imamveka bwino ili ciimire. Imadzaulula bodza lake itasenza katundu.

Atabwezera hedi, mdala anagwira nchito mwa ndondomeko. Anaika sefa yatsopano. Anacotsa mapulagi nkuwawerenga ngati kalata: yakuda ndi mwaye, petulo yacuruka, yoyera mbee, petulo yacepa ndipo injini ikupsa, yofiirira ngati tiyi wamkaka, zonse zili bwino. Anayeza mpata wa ma points, pafupifupi theka la milimita, cifukwa mpata umenewo ukasintha, timing nayo imasintha. Anazula kapaipi ka vacuum ka pa distributor nkukatseka, analoza timing light pa cizindikiro, nazungulitsa distributor pang'onopang'ono mpaka zinakumana. Pomaliza, injini itatentha bwino, ndi pamene anagwira ka screw kaja. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ena adzati amakanika athu akale akhala akuchuna ndi khutu zaka zonsezi, nanga lero cavuta nciani? Sindinyoza khutu. Mdala wa ku Chawama amamva valavu yolira ali patali. Koma iye amene, ndi khutu lake lonselo, anatulutsa timing light m'bokosi. Ndinamufunsa cifukwa cake, anayankha kuti: "Khutu iniuza kuti pali vuto. Laiti iniuza kuti vuto yasila." Ngati katswiri sadalira khutu lokha, kuli bwanji munthu amene anaphunzira umakanika pa renki akudya cimanga cowocha?

Enanso, monga kondakitala wathu uja, adzati motoka zotere zicoke pamseu. Nkosavuta kukamba uli pawindo la basi. Koma ndani amanyamula matimati ndi kabichi kufika pa msika wa m'komboni mwanu? Ndani amabwera pamene mukusamuka nyumba mwezi utatha, kapena pamene pafunika kunyamula nkhuni ndi mipando ya pamaliro? Eni mavaneti awa alibe ndalama zogulira yatsopano. Ndipo petulo iliyonse imene imatuluka ngati utsi, mwini motoka amailipiritsa kwa amai a pamsika, iwonso nkuiika pa mulu wa matimati umene inu ndi ine tidzagula madzulo. Utsi weniweniwo timaupuma ndife, tikakhala mu jamu pa Kafue Roundabout mawindo ali otsegula. Muli mpweya wa poizoni wochedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha.

Cimene cimandidetsa nkhawa ncakuti anthu odziwa nchito imeneyi akutha. Anyamata ambiri lero amathamangira makina a kompyuta olumikiza ku motoka zatsopano, ndipo sindiwapatsa mlandu, ndalama ili kumeneko. Koma vaneti ya kabureta ilibe polumikiza kompyuta. Mdala wa ku Chawama ali ndi mnyamata mmodzi yekha womuthandiza, nayenso maso ali ku ma Vitz ndi ma Allion. Ife tikapitiriza kukana kulipira mdala ndalama yoyenera, nkumati "ni ka screw cabe mwagwila", mnyamata ameneyo adzaona kuti nzeru imeneyi siidyetsa munthu, ndipo adzaisiya.

Vaneti ya alamu anga tsopano imalira kamodzi m'mawa, ndipo petulo ya tsiku imawafikitsa madzulo. Zimene analipira pa kuchuna sizinafike ngakhale pafupi ndi zimene anataya pa gasketi, pa matimati oola ndi pa makasitomala awiri aja. Screwdriver anaibweza m'bokosi. Mlongo wanga akuti akadzaigwiranso, adzagona m'vaneti momwemo.