Zengerezu Adalinda Kwaukwau

M'dziko la America, lamulo la 1974 lidatsegulira anthu ogwira ntchito mwayi wosunga ndalama zodzadyera muukalamba m'thumba lotchedwa IRA. Malamulo a thumbali ngokhwima, ndipo bungwe lotolera msonkho la IRS silisekerera wochedwa. Tsono nkoyenera kufunsa: kodi bungwe lolanga anthu chifukwa chochedwa, ilolo likachedwa limalangidwa ndi yani?

Zolakwa zimene anthu amachita pa thumbali nzodziwika. Wina amaikamo ndalama zopitirira malire, amene m'chaka cha 2024 adali madola 7,000, kapena 8,000 kwa munthu wa zaka 50 kupita mtsogolo. Ndalama zopitirirazo amazilipitsa chindapusa cha 6 pa 100 iliyonse chaka ndi chaka kufikira atazichotsa. Wina amatulutsa ndalama kuti azisamutsire m'thumba lina, nkulephera kuzibwezera pasanathe masiku 60. Winanso, atafika zaka 73, amaiwala kutapa gawo limene lamulo limamukakamiza kutapa chaka chilichonse. Kale chilango cha kuiwala kumeneku chidali theka la ndalama zimene sadatapezo. Lamulo la 2022 lidachitsitsa kufika pa 25 pa 100 iliyonse, kapena 10 ngati mwini wake wakonza msanga.

Anthu olakwitsa chotere si mbava ayi. Ambiri ndi nkhalamba zimene maso adayamba kuchita chidima, ndi amayi amasiye amene amuna awo ndiwo ankasunga makalata onse. Iwowa amathamangira kwa akatswiri odzazira anthu mafomu a msonkho, ndipo pamenepa mpamene udindo wa akatswiriwo umaonekera. Malamulo a ntchito yawo, olembedwa m'chikalata chotchedwa Circular 230, amalamula kuti katswiri akaona cholakwa amuuze mwini wake mwamsanga, pamodzi ndi zimene zingamugwere. Katswiri wokhulupirika sabisa cholakwa poopa kutaya kasitomala, ngakhale cholakwacho chitakhala chake chomwe. Amaonetsetsa kuti ndalama zachotsedwa kapena zatapidwa, amadzaza fomu ya 5329, ndipo pamene lamulo lilola amalemba kalata yopempha kuti chilango chikhululukidwe.

Komatu katswiri akatha mbali yake, makalata amakagona ku IRS. M'chaka cha boma cha 2021, bungweli lidalandira matelefoni 282 miliyoni, koma antchito ake adayankha 11 okha pa 100 alionse. Mayi Erin Collins, mkulu wa ofesi yoimira okhoma msonkho mkati mwa bungwe lomwelo, adalengeza kuti pakutha pa mwezi wa May 2022, mafomu a papepala oposa 21 miliyoni adali asanaonedwe. M'mwezi wa March 2021 bungweli lidawononga zikalata pafupifupi 30 miliyoni zimene lidalephera kuzilowetsa m'makompyuta ake.

Zoonadi, mliri wa Covid-19 udatseka maofesi, ndipo antchito adali ochepa. Nyumba ya Malamulo ya dzikolo idavomereza madola pafupifupi 80 biliyoni m'chaka cha 2022 kuti bungweli likonze ntchito zake, ngakhale gawo lina la ndalamazo lidalandidwanso pambuyo pake. Nzoonanso kuti bungweli limalipira chiwongola dzanja likachedwa kubweza ndalama za munthu. Koma nkhalamba imene ikudikira yankho siigula mankhwala ndi lonjezo. Imagona ndi mantha, osadziwa ngati yakhululukidwa kapena ayi, ndipo mkwiyo wake umagwera katswiri amene alibe mlandu.

Muyeso uyenera kukhala umodzi. Ngati nkhalamba ipatsidwa masiku 60, bungwe nalonso likhale ndi masiku owerengeka oyankhira pempho, ndipo masikuwo akadutsa lisanayankhe, pempholo liziwerengedwa kuti lavomerezedwa. Aphungu amene amapanga malamulo a chilango ndiwonso ayenera kupatsa bungweli antchito okwanira, pakuti nkulakwa kulamula munthu kuti athamange pamene wotsegula chitseko ali mtulo.

Pakadali pano akatswiri asadikire kuti zinthu zisinthe. Afunse kasitomala aliyense zaka zake ndi matumba ake onse chaka chisanathe. Asunge kope la kalata iliyonse pamodzi ndi umboni wa tsiku limene idatumizidwa. Amuuze kasitomala mosabisa kuti yankho likhoza kuchedwa. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwaukwau. Mwambi umenewu nkhalamba zidaumva kudzera m'zindapusa. Yakwana nthawi yoti otolera msonkho nawonso aumve.