Ndakatulo Isabwereze Zimene Chithunzi Chanena Kale

Achinyamata anzanga, ambiri a ife tazolowera kuika chithunzi pa Facebook kapena pa WhatsApp n'kulemba kandakatulo m'munsi mwake. Chithunzi chikuonetsa dzuwa likulowa, nayo ndakatulo ikutiuza kuti dzuwa likulowa. Pamenepo mawu sanagwire ntchito iliyonse, pakuti maso anali ataona kale. Ine ndikuona kuti ndakatulo ndi chithunzi zimakhala ntchito imodzi yaluso pokhapokha ngati chimodzi chikunena zimene chinzake sichingathe kunena.

Amene anazindikira bwino zimenezi ndi mlakatuli wa ku Germany, Bertolt Brecht. Iye anathawa kwawo mu 1933, Hitler atangotenga ulamuliro. Pa zaka zimene anakhala kunja, m'maiko a ku Scandinavia kenaka ku America, ankadula zithunzi za nkhondo m'nyuzipepala ndi m'magazini, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse ankalembapo ndakatulo ya mizere inayi yokha. Buku lake, Kriegsfibel, linatuluka ku East Berlin mu 1955, kutatsala chaka chimodzi kuti amwalire, ndipo linali ndi zithunzi 69. Dzinalo likutanthauza buku lophunziriramo kuwerenga nkhondo, monga mmene mwana amaphunzirira zilembo.

Tiyeni tione tsamba limodzi. Mu 1943 magazini ya Life inasindikiza chithunzi chimene Ralph Morse anajambula pa chilumba cha Guadalcanal: mutu wopserera wa msilikali wa ku Japan, utazikidwa pa kasinja. Kwa owerenga ambiri a ku America, uwu unali mutu wa mdani, basi. Brecht sanataye mizere yake pofotokoza kuopsa kwa mutuwo; chithunzi chachita kale zimenezo, ndipo palibe mawu amene angachipose. M'malo mwake akulankhula ndi wakufayo, namuuza kuti wafera banki imene makolo ake akadali nayo ngongole yambiri. Makolo aja mulibe m'chithunzimo, ngongolenso kamera siingaijambule. Koma mukangowerenga, mdani uja wasanduka mwana wa munthu, ndipo mukabwezanso maso pa chithunzi mupeza kuti sichilinso chomwe chija.

Ena anganene kuti mlakatuli wotere akumulanda woonayo ufulu woganiza yekha. Mfundoyi ili ndi mutu. Brecht ankatsatira maganizo a Marx, ndipo sankabisa mbali imene waima; si aliyense amene angavomere kuti nkhondo ija ankaiyendetsa ndi eni chuma okha. Komabe tisaiwale kuti zithunzizo sizinafike kwa anthu zili zokha. Akonzi a magazini anali atalembapo kale mawu awo, ouza wowerenga chimene ayenera kumva. Pa masamba ambiri Brecht anawasiya mawu a akonziwo pamalo pake, osawadula, kuti wowerenga aone mawu aŵiri akulimbirana chithunzi chimodzi. Pa tsamba lotere, mukachotsa ndakatulo mwatsala ndi nkhani ya m'magazini yakale. Mukachotsa chithunzi, mizere inayi ija simudziwanso kuti ikulankhula ndi yani.