Ndalama za penshoni ndi zathu, tizilondole tikadali pantchito

Akonzi,

Ndiloleni kudzera m'nyuzipepala yathu yokondedwayi ndilankhule ndi anzanga apantchito a m'boma la Chitipa, kuyambira pa boma penipeni kukafika ku Nthalire, Wenya, Misuku, Kameme ndi Ifumbo, pa nkhani ya penshoni. Ambiri a ife timaiyesa nkhani ya nkhalamba kapena ya mabwana a ku Capital Hill okha. Chonsecho ikukhudza mphunzitsi wa sukulu yapulaiveti, namwino wa chipatala cha mishoni, mlonda wa kampani, kalaliki wa mu golosale ndi dalaivala wa bungwe. Nthawi yoilondola ndi ino, pamene tikulandirabe malipiro ndipo miyendo ikadali ndi mphamvu yokwera masitepe a maofesi.

Poyamba ndikumbutse zimene lamulo likunena, chifukwa kuno kwathu ambiri amangomva kuti akudulidwa osadziwa kuti akudulidwa zingati komanso zikupita kuti. Chisanafike chaka cha 2011, penshoni m'makampani inkadalira mtima wa bwana. Akafuna ankakukonzerani, akapanda kufuna munkapita kumudzi ndi dzanja lokha. Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linasintha zimenezi. Linalamula kuti wantchito azidulidwa K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake, ndipo bwana aziwonjezerapo K10 yochokera m'thumba mwake. Ndalamazi bwana saloledwa kuzisunga m'kabati ya mu ofesi mwake. Ayenera kuzitumiza ku thumba la penshoni pasanathe masiku 14 mwezi ukatha, ndipo makampani monga Old Mutual ndi NICO ndi ena mwa amene amayendetsa matumba otere. Bwana ayeneranso kudulira wantchito aliyense inshulansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi, kuti akamwalira ali pantchito banja lake lisatsale padzuwa. Amene amayang'anira zonsezi ndi Gavanala wa Reserve Bank ya Malawi.

Tiyeni tiwerengere limodzi kuti zimveke. Munthu wolandira K200,000 pa mwezi amadulidwa K10,000, ndipo bwana wake amaikapo K20,000. Zonse pamodzi ndi K30,000 pa mwezi, K360,000 pa chaka, K3.6 miliyoni pa zaka khumi, osawerengera chiwongoladzanja chimene ndalamazo zimabereka. Pa K3.6 miliyoni imeneyi, K2.4 miliyoni ndi yochokera kwa bwana. Choncho wantchito amene amagwirizana ndi bwana wake kuti "musandidule, ndipatseni zonse m'manja" amapulumutsa K10,000 lero n'kutaya K20,000 imene inali yake mwa lamulo. Bwanayo ndiye amapita kwawo akuseka.

Mu 2023 kunabwera lamulo latsopano lolowa m'malo mwa lija la 2011. Tsopano munthu akamapuma atha kutenga theka la ndalama zake nthawi imodzi, pamene kale ankaloledwa K40 yokha pa K100 iliyonse, ndipo zotsalazo amalandira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Munthu amene ntchito yamuthera ankadikira miyezi isanu ndi umodzi asanayambe kutapa ku thumba lake, koma tsopano ndi miyezi itatu. Ku boma nako zinthu zinasintha mu 2017, pamene ogwira ntchito achinyamata anayamba kusonkha ku thumba lawo la Public Service Pension Trust Fund, pomwe achikulire anatsala pa dongosolo lakale lolipiridwa ndi boma.

Pa pepala zonsezi n'zabwino. Vuto langa, akonzi, ndi lakuti lamulo limafooka likamakwera mapiri kubwera kuno. A Reserve Bank akhala akudandaula chaka ndi chaka kuti mabwana ambiri m'dziko muno amadula antchito awo koma osatumiza ndalamazo, ndipo ngongole yake imafika mabiliyoni ambirimbiri. Ngati zotere zikuchitika ku Blantyre ndi ku Lilongwe kumene oyendera malamulo amangowoloka msewu, nanga kuli bwanji kuno kumene kukafika ku Lilongwe ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 700? Bwana amene akudula wantchito K5 ija n'kuigwiritsa ntchito pa bizinesi yake akuba, ngakhale atavala jekete ndi tayi, ngakhale atakhala mkulu wa mpingo. Wantchito amadzazindikira tsitsi litayera kuti m'thumba lake mulibe kanthu, nthawi imene bwana uja anatseka kalekale kapena anasamukira ku Nakonde.

Nchifukwa chake ndikupempha anzanga apantchito kuti tichotse manyazi. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Funsani bwana wanu dzina la kampani imene ikusunga penshoni yanu ndi nambala yanu ya umembala. Funsani sitetimenti yosonyeza ndalama zimene zalowa, ndipo muiyerekeze ndi mapepala anu a malipiro mwezi ndi mwezi. Pepala la malipiro limangosonyeza kuti mwadulidwa; sitetimenti ndi imene imasonyeza kuti ndalamayo inakafika. Mukaona miyezi yodumphadumpha musadikire mawa, kadandauleni ku ofesi ya zantchito pa boma kapena lemberani a Reserve Bank. Mukachita mantha kupita nokha, pitani gulu, chifukwa bwana sangachotse ntchito anthu onse tsiku limodzi.

Mapepalawa asungeni ngati mmene mumasungira setifiketi ya sukulu. Tili ndi phunziro lowawa kwa madala athu amene anakagwira ntchito ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela ndi TEBA. Ulendo wa ku migodi unatha cha m'ma 1988, koma patapita zaka zoposa makumi atatu ena anali akuyendabe m'maofesi kulondola ndalama zawo, ndipo ambiri anamwalira asanazione. Chimene chinkavuta kawirikawiri ndi mapepala otayika, manambala oiwalika ndi mayina olembedwa mosiyana. Kuno kwathu vuto la mayinali tikulidziwa bwino. Kalaliki wosazolowera mayina a Chilambya, Chisukwa, Chindali kapena Chinyika amalemba mmene wamvera, ndipo chilembo chimodzi chikasiyana ndi cha pa chiphaso cha unzika munthu amabwezedwa pa windo. Onetsetsani lero kuti dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana pa mapepala anu onse.

Lembaninso pa fomu mayina a anthu amene adzalandire ndalama zanu mukadzamwalira, ndipo muzikonza fomuyo mwana akabadwa kapena banja likasintha. Tatopa kuona amayi amasiye ndi ana akulimbana ndi achibale a mwamuna pa chuma chimene mwini wake akanatha kuchigawa yekha ndi cholembera. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa amasiye, koma fomu yolembedwa bwino imatseka pakamwa anthu mlandu usanayambe.

Ndikudziwa kuti ena andiyankha kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Akuti kusunga ndalama kwa zaka makumi atatu m'dziko limene kwacha imagwa chonchi n'kutaya, bola kugula ng'ombe kapena malata. Anthuwa ali ndi mfundo ndipo sindiwanyoza. Kwacha inagwetsedwa kwambiri mu May 2012, inagwetsedwanso ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Wopuma amene amalandira ndalama yosasintha mwezi uliwonse anaona thumba la feteleza likumuthawa iye ali chikhalire. Koma yankho langa ndi lakuti ng'ombe mumagula ndi ndalama zanu zokha, pamene ku penshoni pa K1 yanu iliyonse bwana amaikapo K2. Ng'ombe imadwala, imabedwa, imaphedwa pa maliro, imapita ku malowolo a mwana wa achimwene. Ndalama ya penshoni wachibale sangabwere kudzaipempha usiku. Gulani ng'ombe, dzalani khofi ndi mitengo, mangani nyumba mukadali pantchito, koma penshoni ikhale mwendo wina wa mpando umene mudzakhalire mukadzakalamba. Ndipo kugwa kwa kwacha kukhale chifukwa choti tiziwafunsa amene akusunga ndalama zathu kuti aziika kuti, zabereka zingati chaka chino, ndipo iwo adyapo zingati.

Ndichenjezenso za chizolowezi chothamangira kukatapa ndalama ntchito ikangotha. Ntchito zambiri kuno ndi za makontilakiti, za mapulojekiti a mabungwe ndi za misewu. Msewu wa Karonga-Chitipa unalemba anthu ambiri, utatha ntchito zinatha. Mgodi wa Kayelekera, umene unatsegulidwa mu 2009 m'mbali mwa msewu womwewu, unaimitsidwa mu 2014 mtengo wa uranium utagwa pa msika wa kunja, ndipo anthu ambiri anabwerera kumudzi. Chakudza sichiimba ng'oma. Koma munthu wa zaka 30 amene amatapa penshoni yake nthawi iliyonse kontilakiti ikatha amadzafika zaka 60 atagwira ntchito malo asanu ndipo alibe kanthu kulikonse. Lamulo limalola kuti thumba lanu likutsatireni mukasintha ntchito. Ngati mulibe vuto la imfa ndi moyo, lisiyeni likule.

Nanga anthu osalembedwa ntchito? Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 230,000 m'boma la Chitipa, ndipo ochuluka mwa iwo ndi alimi ndi ochita malonda. Mlimi wa khofi ku Misuku, mayi wogulitsa nyemba pamsika, mnyamata wa kabaza ndi wamalonda wopita ku Tunduma alibe bwana wowaikira K10. Ngakhale pamene lamulo linkayamba mu 2011, antchito a m'nyumba, matenanti ndi ogwira ntchito za nyengo anasiyidwa kunja. Mtukula Pakhomo, imene inayamba ku Mchinji mu 2006, imangofikira mabanja ochepa ovutikitsitsa, choncho munthu asaiwerengere ngati penshoni. Kale tinkati ana ndiwo penshoni, koma lero anawo ali ku Mzuzu kapena ku Joni, nawonso akusaka ya lendi. Lamulo la 2023 linatsegula khomo loti munthu azisunga yekha mwa kufuna kwake ku thumba la penshoni. Ndikupempha makopaletivi a khofi ndi magulu a banki mkhonde kuti akhale pansi ndi makampani a penshoni, apeze njira yoti mlimi aziikako kangachepe pa nthawi yokolola, popeza iye salandira pa mwezi.

Pomaliza ndikupempha a Reserve Bank, amene ali ndi nthambi ku Mzuzu, pamodzi ndi makampani a penshoni, kuti azibwera kuno ngakhale kawiri pa chaka, akhale pa bwalo la DC ndi mabuku awo, anthu aone masitetimenti ndi kufunsa mafunso m'zilankhulo zimene amamva. A unduna wa zantchito ayendere masukulu apulaiveti, malo ogona alendo ndi makampani a alonda, aone malisiti otumizira ndalama m'malo mongomva za pakamwa. Boma nalo likonze zoti mphunzitsi wopuma wa ku Nthalire asamathere ndalama zake pa thiransipoti ndi malo ogona ku Lilongwe polondola fayilo yake. Aphungu athu, mukamapita ku Nyumba ya Malamulo nyamulaniko nkhaniyi. Ndipo inu anzanga apantchito, mwezi uno usathe musanaone sitetimenti yanu.



Wokhudzidwa,
Chitipa Boma.