Foni imve Cinyanja ca m'komboni

Mu Okutobala 2024 kampani ya Google inaika Cicewa pa zilankhulo zimene Gboard imalemba munthu akalankhula. Mai wogulitsa tomato ku Kanyama tsopano angolankhula, uthenga walembeka. Mnyamata wopanga mapulogilamu a kompyuta ku Kalingalinga nayenso apindula, pakuti pakamwa pamathamanga kuposa zala.

Koma Cicewa ca m'mabuku si cimene timakamba ku Matero. Kuno timati "nifuna", "manje", "bwanji boi", tisakaniza Cibemba ndi Cingelezi. Foni idzatimva bwanji? Ukalankhula mphindi imodzi n'kukonza zolakwa mphindi zisanu, wapindulanji?

Ofufuza a pa UNZA anayamba kale kusonkhanitsa mau a Cinyanja pa nchito ya Zambezi Voice. Boma liwapatse ndalama, akajambule mau m'misika ya Chawama ndi Mtendere.