Mawu oti "scrutinise" anachokera m'masanza

Ophunzira athu akakumana ndi mawu oti "scrutinise" m'ndime za Chingerezi, ambiri amangoti tanthauzo lake ndi kuyang'ana. Komatu kuyang'ana n'kungoponya diso. "Scrutinise" ndi kusanthula chinthu mbali zonse, modekha, mpaka chobisika chioneke.

Mawuwa anachokera ku Chilatini, ku mneni woti "scrutari", ndipo akatswiri amagwirizanitsa mneniyu ndi "scruta", kutanthauza masanza ndi zinthu zakutha. Choncho mwini wake weniweni wa mawuwa ndi mayi amene waima pa mulu wa kaunjika mumsika wa pa Mwanza Boma. Amatembenuza malaya kunja kukhala mkati, kukoka msoko, kuyesa zipi, kenaka n'kuwakweza padzuwa kuti aone ngati pali kachiboo. Dzina loti "scrutiny" linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1400, likunena za kuwerenga mavoti mosamala, ndipo mneni wake anabwera m'ma 1600.

Ophunzira, polemba mayeso a MANEB dziwani izi: mneniyu amatsatana ndi chinthu chosanthulidwacho popanda mawu ena pakati. Timati "scrutinise the receipt", osati "scrutinise on the receipt". Kulemba ndi s kapena ndi z zonse n'zololedwa, bola musasinthesinthe m'chimangirizo chimodzi.

Chondidandaulitsa n'chakuti mawuwa timawaphunzitsa m'kalasi, koma ntchito yake timaiopa. Malaya a kaunjika timawasanthula, pomwe lipoti la mwana timangoona nambala yomwe wakhala n'kulipinda. Uthenga wa pa WhatsApp timautumiza kwa ena tisanafufuze komwe wachokera. Ndipo kholo likapempha kuona malisiti a ndalama za chitukuko, ena amati ndi mwano.

Si mwano ayi. Wosanthula malaya sanena kuti wogulitsa ndi wakuba; akungodziwa kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a bwalo loona za malamulo aakulu a dziko lino anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, atasanthula mapepala a zotsatira, ena mwa iwo ofufutidwa ndi Tipp-Ex. Ngati mapepala a dziko lonse angathe kuunikidwa chotere, kabuku ka ndalama za sukulu n'kachiyani?

Ena amati mafunso ochuluka amafooketsa anthu ogwira ntchito mongodzipereka. Nkhawayi ndi yomveka, n'chifukwa chake tiyenera kusanthula mapepala mwaulemu, osati kunyoza munthu. Msungichuma wokhulupirika ndiye amapindula kwambiri, chifukwa mabuku ounikidwa poyera amatseka pakamwa pa amiseche.

Makolo, lipoti likabwera teremu ino, khalani pansi ndi mwana, muwerenge phunziro lililonse pamodzi ndi ndemanga za aphunzitsi. A komiti, bweretsani malisiti pamsonkhano musanafunsidwe. Ophunzira, werengani funso kawiri musanagwire cholembera. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.