Zipangizo zoyezera mkaka mwachangu zilipo, koma alipire ndani?

LILONGWE – M'malo ambiri osonkhanitsira mkaka ku Malawi ndi ku Zambia, mkaka wa alimi ang'onoang'ono umayezedwa pofuna kudziwa ngati wathiridwa madzi kapena wayamba kusasa. Kuyeza kotereku sikuonetsa vuto lina lomwe lilibe fungo kapena mtundu: zotsalira za mankhwala a maantibayotiki.

Alimi amabaya ng'ombe mankhwala monga penicillin ndi oxytetracycline pochiza nthenda yotupitsa bere komanso matenda obwera ndi nkhupakupa. Mankhwalawa amatulukira mumkaka kwa masiku angapo, ndipo mlimi amayenera kutaya mkakawo mpaka masiku olembedwa pabotolo atakwana. Kwa banja lodalira ng'ombe imodzi, masiku amenewa ndi opanda ndalama, n'chifukwa chake mkaka wotere umapezekabe m'zigubu zopita kumsika.

Bungwe la Codex Alimentarius, lomwe lili pansi pa FAO ndi WHO, linaika malire: penicillin asapitirire mamaikulogalamu 4 pa lita, ndipo mankhwala a gulu la tetracycline asapitirire 100. Malirewa ndi otsika kwambiri moti mkaka wa ng'ombe imodzi yongobayidwa kumene ungathe kuipitsa thanki lonse la gulu. Kuwiritsa sikuchotsa mankhwala onse. Mkaka wotere umavutanso kupangira chambiko, mabisi kapena yogati chifukwa mankhwalawo amapha tizilombo tosasitsa.

Chiopsezo chachikulu chili pa umoyo. Anthu ena matupi awo amadana ndi penicillin, ndipo kugwiritsa ntchito mankhwalawa mosasamala kumachititsa kuti tizilombo toyambitsa matenda tizolowere n'kuleka kufa. Kafukufuku amene anasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti vutoli linapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni mu 2019, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, imfazi zinachuluka kwambiri m'maiko a mu Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara.

Njira zoyezera zilipo ziwiri. Yoyamba, monga Delvotest, imagwiritsa ntchito tizilombo tomwe timalephera kukula ngati mumkaka muli mankhwala. Imazindikira mitundu yambiri, koma imatenga pafupifupi maola atatu. Yachiwiri ndi timapepala tofanana ndi toyezera malungo, tomwe timapereka zotsatira pasanathe mphindi khumi, mlimi akadali pamzere. Kufooka kwake n'kwakuti kapepala kalikonse kamazindikira magulu a mankhwala okhawo omwe kanapangidwira.

Vuto lenileni ndi mtengo. Zipangizozi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja, pamene mlimi mmodzi amabweretsa malita ochepa chabe. Kuyeza chigubu chilichonse kungadye phindu lonse. Kuyeza thanki lokha n'kotsika mtengo, koma likapezeka ndi mankhwala, alimi osalakwa amaluza limodzi ndi wolakwayo, pokhapokha ngati gulu limasungako pang'ono mkaka wa membala aliyense kuti gwero lipezeke.

Palinso funso la komwe mkaka wokanidwa umapita. M'maiko ambiri a m'chigawo chino mkaka wochuluka umagulitsidwa ndi mavenda osadzera kufakitale. Ngati kukhwimitsa malamulo pathanki kungakankhire mkaka woipa kumsika umenewu, fakitale idzatetezeka koma ogula osauka adzaumwabe.

Choncho phindu la kuyeza mwachangu lidzaoneka pamene alangizi a ziweto afikira alimi, mankhwala aleka kugulitsidwa mwachisawawa, ndipo magulu a alimi apeza njira yothandizira membala amene wataya mkaka wake mokhulupirika.