MASANJE SI KUTAYA NTHAWI

Kale m'midzi ya ku Chileka ndi ku Lirangwe, dzuwa likapendeka bwalo linkadzaza ndi ana. Ena ankamanga timisasa ta mapesi nkumaphika masanje, ena ankaumba ng'ombe zadothi kudambo, pomwe anyamata ankapinda mawaya kukhala magalimoto kapena ndege zonga zimene ankaziona zikutera pa bwalo la Chileka. Panalibe wamkulu wowauza chochita.

Lero masewera otere akuchepa. Makolo ena, pofunira ana awo zabwino, amatumiza mwana wa zaka zitatu kukaloweza zilembo ndi Chingerezi tsiku lonse. Ena amamtuma kukagulitsa malonda pamsika, enanso amangompatsa foni kuti akhale chete. Nawo malo amene ana ankasewerapo akudulidwa mapuloti.

Apa pali kulakwitsa, pakuti ubongo wa munthu umakula msanga m'zaka zisanu zoyambirira, ndipo masewera ndiwo amaunola. Mtsikana wosewera phada amawerenga miyala asanaone bolodi, dzanja ndi diso zikuphunzira kugwirizana. Wopanga galimoto amayesa, amalephera, nayesanso mpaka mateyala atazungulira. Pa masanje ana amagawana okha ntchito, amakangana, naweruzana popanda wowalamula. Nzeru zotere sizilembedwa pa bolodi.

Malamulo nawo sakutsutsa zimenezi. Pangano la United Nations la 1989 la ufulu wa ana, limene Malawi analivomereza mu 1991, likunena mu ndime 31 kuti mwana ali ndi ufulu wopuma ndi kusewera. Mu 2003 boma linakhazikitsanso ndondomeko ya kaleredwe ka ana aang'ono, imene sukulu za mkombaphala za m'midzi zimatsamirapo. Alezi a m'sukuluzi asaone ngati alephera ntchito ana akatha ola lathunthu pamchenga.

Nzoona kuti makolo amaopa ngozi. Msewu wa M1 wodutsa pa Lirangwe uli ndi magalimoto ambiri, ndipo mitsinje imadzaza nthawi ya dzinja. Koma mankhwala a ngozi si kutsekera mwana m'nyumba ayi. Mafumu, pogawa malo, asiyeko bwalo kutali ndi msewu, ndipo agogo kapena azakhali aziyang'anira ali chapatali, osalowerera.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Kholo lofuna kuti mwana wake adzakhoze m'kalasi liyambe lamlola kuda ndi fumbi pabwalo.